Tayala la Kutsogolo

Lachiwiri, 5 Novembala

Mvula yoyamba lero. Miyezi inayi chimwalirireni akazi anga.

Tsiku lathu lomaliza labwinobwino linali Lachinayi. Tiyi, wailesi, iwo akufunafuna tepi yoyezera yomwe inali m'khosi mwawo momwe. Pakhonde anawerama, n'kudina tayala langa lakutsogolo ndi chikhadabo. "Bambo, ili layamba dazi ngati mwini wake." Tinapalasa limodzi mpaka pamphambano. Iwo kumanzere, kosoka zovala. Ine kumanja, kosindikiza mabuku. Belu kawiri, monga mwa masiku onse. Madzulo ake mutu unayamba.

Lachisanu, 8 Novembala

Ndagwa. Pokhota paja, pa chivundikiro chachitsulo cha ngalande. Kutsogolo kunangothawa. Bondo lasupuka, buluku lang'ambika, ndipo wolisoka palibe.

Zaka makumi awiri ndi zitatu panjira imeneyi osagwapo. Ndinkayesa ndi luso langa.

Mwana wathu wamkazi waimba foni. Akuti ndikagwanso adzaimanga loko njingayo, ndizikwera basi. Basi sidutsa pamphambano paja. Sindinamuuze zimenezo.

Lolemba, 11 Novembala

Kwa wokonza njinga. Anayang'ana tayala, kenako ine, n'kupukusa mutu. Akuti chaka chilichonse mvula isanayambe, amayi ankabweretsa njinga yanga Lamlungu masana, ine ndikugona. Sindinkadziwa. Ndinkangoona kuti njinga yanga sikalamba.

Akuti ankamutsitsitsa matayala onse pakhoma. Lililonse kulidina ndi chikhadabo. Lolimba ngati pulasitiki ankalikana, ati limakhalitsa koma pamadzi siligwira. La zibuluma zikuluzikulu ankalikananso, ati limenelo ndi la m'matope, pa tara wonyowa limavina. Ankafuna mphira wofewa, wa timizere ting'onoting'ono. Latsopano kutsogolo nthawi zonse, lakale kumbuyo, chifukwa kumbuyo kukaterereka munthu amaponda pansi, kutsogolo kukaterereka amapsompsona msewu. Pomaliza ankaphwetsako mpweya pang'ono.

"Achimwene, amayi aja ankandiphunzitsa ntchito yanga yomwe, ndipo sankalakwa."

Ofewawo anatha, atsala olimba okhaokha. Sindinagule. Ndabwerera ndikukankha njinga.

Lachinayi, 14 Novembala

Pabasi masiku atatu. Mawindo otseka, fungo la maambulera. Aliyense pafoni.

Mlamu, mng'ono wa akazi anga, abwera Loweruka kudzandithandiza kulongedza katundu wa malemu. Ndazengereza kokwanira.

Loweruka, 16 Novembala

Makina osokera ndapatsa mlamu, amawadziwa. Madiresi m'zikwama ziwiri, akagawana pachibale. Magalasi ndi tepi yoyezera ndasunga. Njinga ya malemu ndapatsa mwana wathu, nayenso anabwera.

Pamwamba pa wadirobu, m'katani yakale, tayala latsopano. Timizere ting'onoting'ono. Ndinati ndi la njinga yawo, lipite nayo limodzi. Mwana poliyeza pa gudumu, lalikulu. Njinga yawo ndi yaifupi. Mlamu ndiye anaona zolemba m'mbali mwake, ndi choko chosokera: "Bambo. Kutsogolo."

Analigula liti? Mwezi wa Juni, mvula ili kutali?

Mlamu anapita kukhitchini, nakhalitsako. Mwana anangonditengera sipanala. Za loko sananenenso.

Ndaika ndekha. Ndinapopa mpaka gwa, kenako ndinakumbuka, n'kuphwetsako pang'ono.

Lolemba, 18 Novembala

Mvula kuyambira m'mawa. Ndapalasa. Pokhota paja ndinachepetsa liwiro, chitsulo ndinachilambalala. Tayala linagwira msewu ngati dzanja.

Chokocho sindinapukute. Pofika kuntchito mvula inali itachotsa yokha.

Pamphambano, belu kawiri.