Nambala Yapansi pa Kabokosi ka Machesi

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu, alamu ndi ana. Nanga amayi, mawondo aja akuwalola kufika kumsika? Ine kuno ndilipo. Ndikudya, ndikugona, m'thupi mulibe pakupweteka.

Mukudziwa kuti ntchito ya malole itatha ndinalowa usilikali wa dziko lino, poti ankafuna madalaivala. Chimene sindinakuuzeni n'chakuti pa lole anandichotsapo, panopa ndikuyendetsa kasinja. Muja munkandiseka kuti ngakhale wilibala ndimaigwetsera m'ngalande, lero andipatsa chitsulo cholemera kuposa nyumba yanu. Timakhalamo anthu anayi: a sajeni, wowombera mzinga, wolonga zipolopolo, ndi ine. Malo anga ali pansi penipeni kutsogolo, ndimakhala chogona chagada, ndipo kunja ndimakuona pa kagalasi kochepa ngati sopo wochapira. Mzinga ukaloza kutsogolo umakhala pamwamba pa chitseko changa, ndiye kukachitika kanthu womaliza kutuluka ndine.

Tsiku lina sabata yathayi sitinapite kutchire. Anatilowetsa m'kalasi momwe muli chitebulo chodzaza mchenga, wounjikidwa kukhala zitunda ndi zigwa, pakati atayalapo chingwe chabuluu kuti ndiwo mtsinje. Akasinja ake ndi timabokosi ta machesi topaka penti wobiriwira. Gulu lathu lili ndi akasinja anayi, timabokosito tinalinso tinayi. Mphunzitsi wake timangowati a Dazi, dzina lenileni ndinaliiwala. Anati tisanjenjemere, nkhondoyi njongoyerekeza. Mdani wabisala penapake kutsidya kwa mtsinje, sitikudziwa pamene ali, ndipo ife tiyenera kuwoloka.

Anationetsa njira ziwiri. Yoyamba ndi yoyenda awiriawiri. Akasinja awiri amaima kuseri kwa chitunda mizinga ili chire, awiri enawo n'kusuntha, akafika pobisala nawonso n'kuima kuti anzawo aja adutse. Ndi njira yoyang'anirana, palibe amene amasiyidwa yekha. Vuto lake imachedwetsa. Masiku ano kumwamba kumakhala tindege topanda munthu tija, ukachedwa pamalo amodzi takuona kale. A Dazi ankasuntha timabokosi ndi ndodo, makina n'kumawerengera, ndipo kasinja akawomberedwa ankamugwetsa cham'mbali. Tinabwereza kangapo. Pafupifupi ulendo uliwonse tinkawoloka awiri, awiri n'kutsala pamchenga.

Njira yachiwiri, kasinja mmodzi amatsogola yekha pamtetete, mothamanga, akubulitsa fumbi dala. Mdani sapirira, amawombera. Akawombera waulula pamene wabisala, ndipo atatu otsala kuseri kwa chitunda amamuphwanya asanalongenso. Apa tinkawoloka atatu. Wotsogola uja nthawi zina ankapulumuka, koma kawirikawiri ndodo inkamugwetsa asanafike n'komwe pachingwe chabuluu.

Kenako a Dazi anati tisankhe tokha pokweza manja, poti odzakhala m'zitsulomo ndife. Ine sindinachedwe. Atatu ndi ochuluka kuposa awiri, zimenezo ngakhale mwana wanu wa sitandade wani akhoza kukuuzani. Ndinakweza dzanja panjira yachiwiri, ndinagunyuzanso wowombera mzinga wathu amene ankazengereza kuti akweze lake. Manja anachuluka ndi athu.

Chizolowezi cha a Dazi ifeyo sitinkachidziwa. Kabokosi kalikonse amakalemba nambala pansi, ndipo saonetsa mpaka anthu atasankha. Anatola kotsogola kaja, n'kukatembenuza, n'kukayendetsa m'mwamba kuti aliyense aone. Panali 3. Achimwene, kasinja wathu ndiye nambala 3.

Wolonga zipolopolo, munthu woti pakamwa sipatsekeka, anati ndiye basi, girisi uja tisavutikenso kupaka, tingowonongera boma mafuta. Palibe anaseka, iye yemwenso. Wowombera mzinga anafunsa ngati n'kotheka kusankhanso. A Dazi anayankha mosakalipa kuti masamu sasintha chifukwa choti munthu wadziwa mwini kabokosi, ndipo nambalayo ikanakhala 1 kapena 4 manja athu akanakhalabe m'mwamba. Sananame.

Potuluka ndinangozindikira kabokosi kaja kali m'thumba mwanga. Sindikukumbuka kukatenga. A Dazi ananditsata pakhonde n'kukapempha mwaulemu, akuti mawa kukubwera kalasi ina.

Mwina mukuganiza kuti ndili ndi mantha. Ayi ndithu, ndipo n'zimene zikundidabwitsa. Ndimadikira kuti mtima ugunde, sugunda. Tsiku lomwelo ndinadya mbale yonse, ndinachapa masokosi, ndinakamanga matcheni a kasinja monga mwa nthawi zonse. Wowombera mzinga sakundiyankhula kupatula za ntchito. Ndimaona kuti wandikwiyira, koma zili ngati wakwiyira munthu wina amene ndimangomudziwa patali. A sajeni akuti tisaganize zambiri, za pamchenga n'za pamchenga. Komabe chiyambire tsikulo, tikapita kutchire kukayeserera, amene amauzidwa kuti atsogole ndife. Ndaphunzira kuyenda mokhotakhota ndi kubulitsa fumbi lambiri. Akuti ndikuchita bwino.

Kwamveka kuti mwezi ukubwerawu atisamutsira kumalire. Nkhondo kulibe, mwina siidzakhalako n'komwe. Koma akuti tikamanyamuka adzatilanda mafoni, ndipo makalata azidzayenda mwa apo ndi apo.

Tsono pempho langa ndi limodzi. Mlamu wanu, mkazi wanga, atachira ndinamuuza kuti mwana wathuyo asamutche dzina mpaka ine nditabwera n'kumunyamula m'manja mwangamu. Ndinalimbikira, munthu wamakani mukundidziwa. Iye wasunga mawu anga. Mwana wayamba kukhala pansi yekha, pa chithunzi chija ndaona timano tiwiri, koma mpaka lero mukungomuti Mlendo. Chonde pitani mukamuuze mlamu wanu kuti ndamumasula. Atche dzina limene iye akulifuna, ndikudziwa kuti analisankha kalekale koma amandiopa. Musamufotokozere za mchenga ndi timabokosi. Mungoti tchuthi chatalikira, ndipo si bwino kuti munthu afike poyenda alibe dzina. Akalira musiyeni alire. Ndikanamuuza ndekha pafoni, koma amandidziwa mawu, angazindikire.

Amayinso musawauze za kasinja. Kwa iwo ndikadali pa lole, ndikunyamula matumba a ufa ndi mabulangete a asilikali.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze azimwa mankhwala aja osadumphitsa. Moni kwa alamu, kwa achemwali ndi amuna awo, kwa amalume, ndi kwa ana nonse. Wa sitandade wani uja mumuuze alimbikire masamu, koma asamafulumire kukweza dzanja.

Dzinalo likatchulidwa munditumizire pafoni tsiku lomwelo, musadikire kalata. Ndikufuna ndilidziwe asanatilande mafoni, kuti pamene ndikutsogola paja ndikhale ndi choti ndizinena.

Ndine mng'ono wanu,
Dalaivala wa wilibala