Chipinda Chachinayi cha Ovide

Mamou, Louisiana
14 Okutobala 1986

Okondedwa achemwali anga Elmire,

Ndine Azéma. Akundilemberayu ndi Verna wa nyumba ya kuseriyi, ndamuuza kuti alembe mmene ndikuyankhuliramu, asakonze kanthu. Kuno kuli bwino. Mpunga anakolola, mvula yadula. Ndimadya, ndimagona. Palibe pamene pakundiwawa, komanso palibe chimene ndikumva.

Pamaliro a alamu anu a Ovide munandifunsa chimene chinawatenga, ine ndinangoti mtima. Sindinamalize. Lero ndimalize.

Zaka ziwiri zapitazo achipatala cha ku tawuni anawalowetsa m'kafukufuku wa mankhwala a mtima. Anatipatsa mabotolo awiri, piritsi loyera ndi lachikasu, m'mawa uliwonse. Anati mwina ndi mankhwala enieni, mwina ndi ufa wongoumba, adokotala omwe sakudziwa. Alamu anu anaseka, amvekere, "Ndiye ine ndizimwa ufa kuti anyamata a matayi apeze cholemba?"

Loyera ankamwa. Lachikasu ankati limawazunguza mutu. Tsiku lina ndikuchapa ovolosi yawo ndinapeza kachitini ka fodya, mkati mapiritsi achikasu okhaokha, kodzaza.

Ndinati, "Nkhalamba yopanda manyazi inu! Anthu akukuthandizani, inu n'kumabisa ngati mwana?"

Iwo akuti, "Mayi, upolisi munaulowa liti? Thupili ndi langa."

Kuyambira tsikulo ndinkaima patsogolo pawo ndi kapu ya khofi. Akameza ndinkati, "Yasamulani ndione." Ankatulutsa lilime n'kundichitira sawasha. Miyezi khumi ndi inayi, achemwali, sanaphonye ndi tsiku limodzi lomwe. Anesi ankandiyamikira kuti akazi onse akanakhala ngati ine. Mwezi wa Epulo munamva, anagwa pabwalo akukonza bwato.

Lachiwiri lapitali kunabwera mayi wina wa kafukufukuyo, Dokotala Whitlow. Anakhala pathebulo la kukhitchini, n'kujambula mtanda papepala, panakhala zipinda zinayi. Akuti anthu anawagawa choncho mwa maere. Chipinda choyamba ankamwa ufa wokhawokha. Chachiwiri loyera lenileni, lachikasu la ufa. Chachitatu lachikasu lenileni, loyera la ufa. Chachinayi onse awiri enieni. Anaika chala pamenepo n'kunena kuti, "Amuna anu anali muno."

Akuti, "Loyera palokha limathandiza. Lachikasu palokha limathandizanso pang'ono. Ife tinkayesa kuti akaphatikizana athandiza kawiri. Koma muno anthu amwalira ambiri kuposa aja ankamwa ufa."

Ndinati, "Ndiye ngati a Ovide ndi mng'ono wawo Théo. Aliyense payekha munthu wabwinobwino, akangokumana mipando imathyoka." Mayiyo sanaseke. Inenso sindinaseke, zinangotuluka.

Ndinafunsa kuti nanga ankawaphatikiziranji. Akuti, "Madokotala ambiri akuwapereka kale pamodzi, mayi. Tikanayesa lina palokha, lina palokha, onse akanaoneka abwino, izi sitikanaziona."

Kafukufukuyo anamuimitsa, koma akuti kuli madokotala ena amene sakukhulupirira. Akunena kuti mwina anthu a m'chipinda chimenecho sankamwa n'komwe, anangofa imfa yawo. Ndiye mayiyo akuyenda khomo ndi khomo kufunsa. Anati, "Muno anthu ndi ochepa, yankho la munthu mmodzi limalemera. Kodi a Ovide ankamwadi onse awiri?"

Achemwali, ndinanama. Ndinati, "Lachikasu ankataya. Anali osamva bambo aja." Ndinakatenga ndi kachitini kaja kumuonetsa. Anawerenga mapiritsiwo, analemba, n'kupumira m'mwamba. Anathokoza khofi, n'kutuluka.

Ndinayamba kutsuka kapu yake. Ndinaitsuka, ndinaitsukanso. Sindinganene kuti ndinamva chisoni kapena mantha, ayi. Ndinangoona kuti kwinakwake kuli mkazi wina waima ndi khofi, akuuza mwamuna wake kuti ayasamule, ndipo mawa adzaimanso.

Ndinatuluka manja ali ndi thovu. Galimoto inali italira kale. Ndinagogoda pagalasi.

Ndinati, "Ndakunamizani. Za m'chitinizo ndi za mwezi woyamba basi. Kuchokera pamenepo ankamwa onse, tsiku ndi tsiku. Ndinkawayang'ana m'kamwa ndine."

Anazimitsa injini, anafufuta, analembanso. Kenako anandigwira dzanja lonyowalo, akuti, "Simunalakwe, mayi. Munachita zimene ife tinakuuzani. Mwathandiza anthu amene simudzawaona." Ine ndinangomuuza kuti asamale ngalande pobwerera m'mbuyo.

Apa Verna waima kulemba, akupukuta m'maso. Ndikumudikira. Zimandidabwitsa kuti anthu misozi amaipeza msanga chonchi.

Mundiperekere moni kwa alamu a Clovis, muwauze achepetse mchere. Moni kwa ana ndi zidzukulu ku Port Arthur konko. Tsiku la Oyera Onse layandikira, anthu ayamba kale kugula laimu wopaka manda. Chaka chino ngati miyendo ikulola, mubwere mudzandigwirire ndowa. Ndili ndi mawu oti ndikawauze alamu anu, ndipo sindikudziwa ngati pakamwa padzatseguke ndikakaima ndekha.

Ndine mng'ono wanu,

Azéma
X