Nsapato za Kamphepo

Lolemba, 24 Juni

Ndine wosoka nsapato, zaka 74. Sukulu sindinaipondeko. Zilembo ndinaziphunzira ndi choko, polemba maina a eni nsapato kunsi kwa soli kuti ndisasokoneze. N'chifukwa chake ndimalemba pang'onopang'ono, ngati ndikusoka. Pano ndikudzilembera ndekha, poti mutu wayamba kutaya zinthu.

Nkhani ndi ya mdzukulu wanga. Timamutcha Kamphepo. Zaka 19. Amathamanga. Pa 21 Julaye kuli malathoni, makilomita 42. Akochi ake anena kuti timu ina yaikulu idzatenga atsikana atatu oyamba kufika: pogona, chakudya, ndi kamalipiro. Akalephera, mayi ake, amene ndi mwana wanga, amupezera kale malo kufakitale ya makatoni komwe iwo amagwira. Malowo adikira mpaka kutha kwa Julaye basi. Anagwirizana choncho patebulo, ine ndili pomwepo. Palibe anaseka.

Nsapato zake zatha. Lero ndaika chigamba pamwamba pa chigamba. Soli yasalala ngati sopo wotsala.

Loweruka, 29 Juni

Tapita kusitolo ya zamasewera, awirife. Magalasi ponseponse, nyimbo mokweza. Ine m'jekete langa la Lamulungu, thukuta kamukamu.

Ndatenga nsapato imodzi pakhoma. Kupepuka kwake! Ndinayesa ndi yoonetsera chabe, yeniyeniyo ili kuseri. Soli ngati siponji, ukadina chala chimalowa. Ulusi ndi umodzi womwe ayi. Guluu yekhayekha. Ndafunsa mayi wogulitsa kuti zimakhala zaka zingati. Akuti miyezi, agogo, osati zaka. Ndinakhala pansi.

Kamphepo wayesa mapeya angapo, wakonda zachikasu. Koma wasankha saizi 7, pomwe phazi lake ndi 6. Phazi limenelo ndalidziwa lili laling'ono ngati chala changa. Kutsogolo kunatsala malo olowa chala chathunthu. Ndamuuza kuti nsapato yaikulu phazi limasewera mkati, kuchidendene kumatuluka matuza. Iye akuti akochi anatero. Ndati akochiwo anasokapo nsapato? Mayi wogulitsa anayamba kufotokoza zinazake. Sindinamve. Nyimbo zija, komanso mtengo unali utanditseka kale makutu.

Tatuluka chimanjamanja. M'basi anandigunda ndi chigongono: "Musadandaule amuna anga, zakalezi zimadziwa njira." Amanditcha amuna anga tikamacheza, ine ndimati mkazi wanga. Koma lero ananena akuyang'ana pawindo.

Lachiwiri, 2 Julaye

Njinga yanga yapita. Wagula telala woyandikana ndi benchi langa. Sananenerere kwambiri, Mulungu amudalitse. Mwana wanga ndamuuza kuti ili kwa okonza.

M'mawa Kamphepo asanatuluke ndamuimika pa katoni, ndazunguliza phazi ndi pensulo monga ndichitira ndi aliyense. Ndanama kuti ndikufuna kudula kansalu koyala mkati mwa zakalezi. Wakhulupirira. "Mukundigirigisha dala, nkhalamba inu."

Ndayeza kawiri. 6 ndithu. Pensulo sinama.

Lachinayi, 4 Julaye

Ndagula. Ndapita ndekha. Ndaika katoni yanga pa soli ya 6, ndendende, ngati zinabadwira limodzi. Mayi wogulitsa anafunsa kawiri ngati si 7 imene mwana uja anayesa. Ndati mayi, ntchito iyi ndinaiyamba inu musanabadwe. Anangoti lisiti musataye, ndipo ngati mufuna kudzasintha zisavalidwe.

Masana onse pa benchi. Nsapato yatsopano siivalidwa isanasokedwe, aliyense wobwera kwa ine amadziwa zimenezo. Amagula m'mawa, masana ali pano. Guluu wa masiku ano ndi malovu. Mdzukulu wanga ayende makilomita 42 pa malovu? Ndazunguliza soli yonse ndi ulusi wa nayiloni, woyera, mfundo zobisika. Singano imalowa ngati mu buledi. Telala wasuzumira, akuti ntchito imeneyi ndi ya makina. Ndamva kukoma, ndisaname.

Ndazibisa pamwamba pa kabati, kuseri kwa sutikesi. Ndidzamupatsa mpikisano uli mawa, zikafike kumeneko zoyera, anthu aone kuti ali ndi kwawo.

Lamulungu, 7 Julaye

Lero anali ndi ulendo wautali womaliza wokonzekera. Wabwera dzuwa lili pamutu, wadzigwetsa pakhomo, wavula. Ine ndikubwera ndi beseni la madzi. Ndaona phazi.

Si lija la pa katoni. Lotupa, zala zotambasuka, mitsempha panja.

Ndalowa m'nyumba, ndatenga katoni, ndati tapondanso apa mkazi wanga, ndione ngati sunabe phazi la munthu. Waponda akuseka. Phazi lasefukira mzere, kutsogolo ndi m'mbali momwe. Ndafunsa ngati limatero nthawi zonse. "Ee, likatentha limakula. N'chifukwa chake 7 ija." Wayankha akumwa madzi, osandiyang'ana n'komwe.

Moyo wanga wonse ndayeza mapazi oti angotsika basi. Phazi loti lathamanga m'mawa wonse sindinaliyezepo.

Chakudya sichinalowe. Mwana wanga akuti mwina ndi malungo.

Lolemba, 8 Julaye

Kusitolo. Lisiti m'thumba la malaya, ndimaligwira njira yonse. 7 yachikasu ilipo, ndaiona ndi maso anga.

Mayi uja watsegula bokosi, watembenuza nsapato. Kenako waitana abwana ake. Awiri akuyang'ana ulusi wanga. Bwanayo akuti, "Madala, wakuwonongerani ndani?" Ndati ndine. Akuti sangalandire. Ngakhale nditachotsa ulusi, mabowo atsala, ndani agule? Ndapempha. Ndavula chipewa. Ndati ndiwonjezera kangachepe mwezi ukatha. Anthu oyesa nsapato asiya kuyesa, akundiyang'ana m'magalasi aja, nkhalamba imodzi yaoneka kanayi.

Mayi uja wandiperekeza mpaka pakhomo. Akuti pepani agogo, koma kasokedwe kake n'kabwino.

Kasokedwe kabwino.

Lachisanu, 12 Julaye

Kuyambira Lachiwiri ndikuzifutukula mobisa. Nyuzipepala yonyowa. Chikombole chamtengo cha saizi 7, ndakhomera mkati, ndasiya padzuwa. Chikopa chimamva, ukachinyengerera chimalola. Izi si chikopa, ndi ukonde. Ukachotsa chikombole zimabwerera mwakale. Ndipo soli siitalika. Ndikudziwa. Ndikungodzinamiza.

Mwana wanga wafunsanso za njinga. Akuti okonza ake ndi ati, ndikawaone ndine. Ndati ali pamaliro.

Wabweretsa yunifolomu ya kufakitale, yotuwa, waikoleka pa msomali kuseri kwa chitseko cha Kamphepo. Si munthu woipa. Watopa, ndipo amaopa. Kamphepo akamatseka chitseko, yunifolomuyo imagwedera.

Zakale zang'ambikanso mbali ya kumanja. Ndayang'ana poti ulusi ugwire, palibe. Singano ikungodutsa.

Lachiwiri, 16 Julaye

Ndanena.

Ndatsitsa bokosi m'mawa, onse awiri ali patebulo. Ndayamba ndi njinga, kenako katoni, ulusi, sitolo. Mwadongosolo, osadumpha. Mwana wanga: "Bambo, njinga!" Basi. Wanyamuka, wapita kuntchito tiyi osamaliza.

Kamphepo watsegula bokosi, wanunkhiza ngati kamwana, wavala. Zakwana bwinobwino. Waima, wadumpha kawiri. Mtima wanga unati mwina, mwina ndithu.

Madzulo wathamanga nazo. Wabwera akutsimphina. Chala chachikulu cha kumanzere chofiira, chikhadabo chikuda m'mphepete. Ndipo ulendo wake unali waufupi.

Sanandikalipire. Bola akanakalipa. Anangoti, "Mukanandifunsa, agogo." Osati amuna anga. Agogo.

Lachitatu, 17 Julaye

Akochi abwera pa benchi. Munthu wowonda, wamfupi, wa mawu ochepa. Ndinawapatsa mpando wa makasitomala, sanakhale.

Ayang'ana zakale, aziika pansi. Akuti izi ayi, soli yatha, zimupha maondo asanafike theka. Zobwereka ayinso, nsapato ya mwini inazolowera phazi la mwini. Atenga zatsopano, adina kutsogolo, atola choko changa, ajambula kabwalo pamwamba pa chala chachikulu ndi chinzake. Akuti dulani apa, zala zipeze kopita.

Ndafunsa ngati zikhala bwino. Akuti sakudziwa. Kamwala kakhoza kulowa. Ukonde ukhoza kupitiriza kung'ambika, nsapato n'kuyasama pakati pa msewu. "M'mphepete mwa bowolo musoke kuti lisapitirire. Paja kusoka mumatha." Kaya amandinyoza, kaya ayi. Nkhope yawo siiwerengeka.

Kudula nsapato yatsopano. Chibadwire sindinachitepo. Ndanola mpeni, ndausiya, ndatenga lezala. Telala wasiya makina, wabwera kudzaonerera, ndamuthamangitsa. Kamphepo wagwira nsapato ndi manja awiri. "Dulani amuna anga, si khosi langa."

Ndadula.

Tizidutswa tiwiri tachikasu tili pa benchi. Kutaya ndalephera.

Lachisanu, 19 Julaye

Wazithamangira kawiri, pang'onopang'ono. Zala zikusuzumira pabowo ngati akamba. Ana a mumsewu akumuseka, iye akuwagwedezera zala dala. Akuti sizikupweteka. Koma ulendo waufupi phazi silitupa. Zoona zake ndi Lamulungu.

Ndasokanso m'mphepete kachiwiri, ulusi wowirikiza. Ndakoka ndi mphamvu zanga zonse, sizinang'ambike. Mphamvu za nkhalamba.

Mwana wanga sakundilankhula, koma wagula sokosi zatsopano, wasiya pa bedi la mwana wake. Kamphepo waziika m'kabati. Akuti chatsopano chimodzi chakwana.

Lamulungu, 21 Julaye

Ndikulemba nditakhala pa kampanda m'mbali mwa msewu, pafupi ndi chikwangwani cha 35. Misewu atseka, mabasi kulibe. Ndabwera wapansi, ndimapuma pa sitolo iliyonse. Apa ndi pomwe miyendo yakanira. Zakale ndatenga m'jumbo. Kaya n'zachiyani. Kungoti manja asakhale opanda kanthu.

Amuna adutsa kale, ambiri. Ena akuyenda. Wina wakhala pansi uko, wavula nsapato, akuyang'ana phazi lake ngati la mlendo. Ndatembenukira kwina.

Mtsikana woyamba. Si iye.

Wachiwiri. Si iye.

Wachitatu, wamtali, nsapato zobiriwira.

Ndaimirira. Msewu mbee. Msewu mbee nthawi yaitali. Kenako chikasu.

Wachinayi. Nkhope yauma, milomo yoyera. Sokosi ya kumanzere yafiira pabowo. Ulusi ukugwira, zimenezo ndaona bwino. Ndakweza jumbo, ndapezeka ndili pakati pa msewu osadziwa kuti ndafika bwanji. Kamphepo wakuwa: "Chokani mumsewu, agogo!" Wadutsa. Sakutsimphina. Kapena akutsimphina, maso angawa.

Wa zobiriwira uja ali patsogolo, pakati pawo mapolo a magetsi angapo. Akhota onse. Sindikuonanso kanthu.

Akutenga atatu. Iye wachinayi. Magazi aja ndi anga, ndine ndinayeza.

Apo pali wapolisi ali ndi wailesi ya m'manja, mwina amamva za kumapeto, ndipite ndikamu

Lachinayi, 25 Julaye

Basi ya timu inyamuka mawa m'mawa.

Kamphepo anamupitirira wa zobiriwira uja pa mlatho, n'kufika wachitatu, akutero amene anaona. Ine ndinamva kwa wapolisi, ndipo ndinamufunsa katatu mpaka anatopa nane. Chikhadabo chikuchoka. Akochi akuti chimera china. Dzulo a timu anaimba foni kufunsa saizi ya nsapato zimene akamupatse. Ndinatuluka panja, kuopa pakamwa panga.

Mwana wanga akusita zovala kuyambira masana. Maso ofiira, akuti ndi nthunzi. Wandipatsa tiyi osapempha. Chikwama cha Kamphepo chili pakhomo, chotseka. Ndinafuna kuti apambane, ndinapemphera kuti apambane. Kuti kupambanako ndi chikwama pakhomo, sindinaganize.

Tsamba ili nding'amba, ndilowetsa m'thumba la pambali la chikwamacho.

Kamphepo, mkazi wanga, ndi ine. Ukalipeza uli kale kutali. Pa foni sindikumva bwino, mawu ako amathamanga ngati mwini wake. Undilembere papepala, zilembo zazikulu, ndiwerenga ndekha ngakhale zitenge tsiku. Undiuze ngati akukudyetsa mokwanira, ngati bedi lake lili ndi bulangete, ndi mmene chala chikupolera. Usandibisire za chalacho. Nsapato zimene akakupatsezo usapereke kwa wosoka aliyense, makamaka akakhala wokalamba wolankhula motsimikiza.

Kuno tatsala awiri, ndipo mayi ako salankhula m'mawa. Undiyankhe msanga.