Makapisozi a m'Fulasiki

Okondedwa achimwene,

Choyamba ndifunse za moyo wanu pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko. Mwendo uja unasiya kutupa? Kuno ana ali bwino, koma ine ayi. Kalatayi ndapatsira munthu kuti ikupezeni lero lomwe. Muiwerenge muli nokha.

Alamu anu, bambo a ana, ali m'chitokosi cha apolisi. Lero ndi tsiku lachitatu. Ndiyambe poyambira kuti mumve bwino.

Mukukumbukira zigamba zija anali nazo m'zigongono? Chaka chino zafalikira m'mutu, m'maondo mpaka pa zala. Khungu limafiira, pamwamba pake n'kuchita mamba oyera. Akadzuka, pabedi pamakhala ngati pathiridwa ufa. Akakanda pamatuluka magazi. Adokotala anati dzina lake ndi soriyasisi. Anati si yopatsirana koma siitheratu, imangogona n'kudzukanso. Anawapatsa mankhwala opaka. Anati azidzola mafuta okhuthala akangosamba, aziothera dzuwa la m'mawa pang'ono, asamakande, asiye fodya ndi kupsa mtima. Za kupsa mtimazo ngakhale eni ake anaseka.

Koma wometa anthu ngati iwowo amadyera manja. Ndani angapereke mutu wake ku zala za mamba? Makasitomala ankalowa, n'kuyang'ana manja awo, n'kukakhala pamzere wa mnzawo amene amameta naye m'chipinda chimodzi, uja timamutcha Wamanzere. Iyeyo pakamwa sipatseka. Ankati njoka imafundula kamodzi pachaka koma akulu awa tsiku lililonse. Akamasesa ankafunsa kuti pa zinyalalazi tsitsi ndi liti, abwana ndi ati. Anthu ankaseka, alamu anu ankangokukuta mano.

Ine mukundidziwa, kanthu kakang'ono ndimakaona ngati maliro. Mumtima ndinkati nthenda yanji yochiza ndi mafuta okha ngati khanda? Nthenda ili m'magazi, mankhwala enieni ndi akumwa. Ndinali ndi makapisozi ofiira ndi achikasu otsala nthawi ija ndinachotsa dzino. Nditawapatsa anakana, anati adokotala sanalembe zimenezo. Ndiye ndinayamba kuwatsegula n'kumathira ufa wake m'fulasiki ya tiyi amene amapita naye kuntchito. Shuga ndinkaonjezera kuti asamve kuwawa. Atatha ndinakagula ena kwa bambo wogulitsa mankhwala pabenchi kumsika.

Tsiku lachinayi anayamba kutsegula m'mimba. Kenako thupi lonse linatuluka ziwengo, milomo n'kutupa. Achimwene, ine ndinasangalala. Ndinati nthenda ija ikutuluka, ndipo ndinayamba kuthira awiri. M'mawa wina anadzuka maso atatsekeka ndi kutupa, akupuma ngati wina wawamanga chingwe pakhosi. Tinathamangira kuchipatala, anawabaya jekeseni.

Adokotala anafunsa katatu ngati amwa mankhwala alionse. Iwo anati ayi. Atandiyang'ana ine, ndinayang'ana pansi. Adokotala anati pali chimene chalowa m'thupi mwawo chimene thupilo likuchikana, ndipo chikadzalowanso chikhoza kuwapha.

Titabwerera kunyumba alamu anu anayamba kulingalira mokweza. Anati chakudya amadya chimodzi ndi ana, ana ali bwinobwino. Chimene amamwa okha ndi tiyi, ndipo masiku amenewa wakhala akuwawa chakumapeto. Fulasiki imakhala pa shelefu ya kumbuyo kwa mpando wa Wamanzere. Anandifunsa ngati ndikuona zimene iwo akuona. Ndinangoti kaya.

Lolemba masana atapezako mphamvu ananyamuka osatsanzika. Ndinawatsatira. Anamupeza Wamanzere akumeta mkulu wina ndevu. Sanafunse kanthu. Anamugwira kolala n'kumumenyetsa nkhope pagalasi, kawiri, mpaka galasi linayoyoka. Atagwa anamuponda pachifuwa n'kunyamula mpando wachitsulo. Ndinamva mkono ukuthyoka ngati nkhuni youma. Unali wamanzere womwewo, umene amagwirira lezala. Mano ake awiri anali pansi, m'kati mwa tsitsi la anthu. Iye ankangofunsa kuti walakwanji, ngati ndi nthabwala zija wasiya, sadzabwerezanso.

Amakanika a pafupi anathamangira. Wina anawamenya alamu anu ndi sipanala kumutu, ena n'kumawaponda atagwa. Zigamba zonse zinang'ambika, malaya magazi okhaokha. Ine ndinali pakhomo ndikukuwa kuti aleke, koma mawu amene akanaleketsa zonse sindinawanene.

Pano Wamanzere ali m'chipatala, mkono auika chikhakha. Mumsewu mwathu ena ayamba kumutcha wothirira anzake chiphe, ndipo nyumba yake aigenda mawindo. Mkazi wake anandipeza pampopi. Ndinkayesa andimenya, bola akanatero. Anangondigwira dzanja n'kulumbira kuti mwamuna wake ndi wapakamwa chabe, sangaphe ngakhale nkhuku.

Dzulo ndinatenga makapisozi otsala n'kupita nawo kwa adokotala aja. Ndinaulula zonse. Anawayang'ana makapisoziwo. Kenako anati mankhwala amenewo ndi opha tizilombo, pamene nthenda ya alamu anu ilibe tizilombo. Anati matupi ena sagwirizana nawo, ndipo kutupa kuja sikunali kutuluka kwa nthenda, kunali kufa kumene. Anandilembera dzina la mankhwalawo papepala. Anati mwini thupi ayenera kudziwa, apo ayi tsiku lina adzapatsidwa omwewo chifukwa cha chifuwa, ndipo sitidzafika nawo kuchipatala.

Apolisi akuti Lachisanu awatulutsa alamu anu pa belo. Nditapita kukawaona anandiuza kudzera m'zitsulo za chitokosi kuti akatuluka akamalizitsa ntchito imene anaiyamba. Kenako anandipempha mafuta awo odzola, chifukwa khungu lawo lasweka ndi simenti. Anandithokozanso, anati ndine ndekha amene ndili mbali yawo.

Achimwene, ndiyenera kuwauza asanatuluke pakhomo pano kupita kwa munthu uja. Dzanja lawo mukulidziwa, chitseko chija anathyola atakwiya munakonza ndinu. Inu nokha ndi amene amakuchitirani manyazi. Chonde fikani mawa Lachinayi. Simudzavutika kulankhula, ndidzanena ndekha ndi pakamwa panga. Inu mudzangoima pakati. Kukacha Loweruka mudzandiperekeze kupolisi ndi kwa mkazi wa Wamanzere.

Amayi musawauze, mtima wawo uja sungapirire. Ana ndawatumiza kwa azakhali awo.

Mukalephera kubwera ndidzanenabe Lachisanu lomwelo. Zikatero, ana mudzakawatenge ndinu. Wamng'onoyo amaopa agalu.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Mulungu akusungeni ndipo akufupikitsireni njira.

Ndine mlongo wanu wotsiriza.