Matenda a Abel Alibe Dzina

Kafue Estates
Novembala 1995

Okondedwa achimwene a Lazarus,

Akuluakulu a zaumoyo alengeza, ndipo zamatidwa pachitseko cha chipatala chathu, kuti m'dongosolo latsopanoli wodwala aliyense aziyezedwa magazi ndi kuuzidwa matenda ake tsiku lomwelo. Ndayamba ndi nkhani yabwinoyi kuti moni wanga asabwere chimanjamanja. Muli bwanji ku Kitwe, inu ndi alamu? Kuno tadzuka, kupatula Abel.

Mukudziwa kuti mng'ono wanuyu, chimuchotsereni ntchito, amapha nsomba ku Chanyanya. Anabwerako thupi likutentha, maso ali achikasu, nshima akungoiyang'ana. Tamugoneka m'chipatala momwe mwana wanu Misozi akuphunzira ntchito.

Amene akuphunzitsa Misozi ndi ba Clementina, mayi wosaseka. Iwo ali ndi kachitidwe kawo. Poyendera odwala m'mawa amalanda ophunzira zolembera zonse n'kuziponya m'thumba mwawo. Amati dzanja la wophunzira likagwira cholembera limalemba "malungo" mutu usanaganize. Wophunzira ayang'ane, afunse, agwire pamimba, abwerenso masana kudzaona chomwe chasintha. Ngati sakudziwa, anene kuti sakudziwa, wodwala akumva.

Ndiye zinamugwera Misozi pabedi la bambo ake aang'ono. Mkazi wa Abel, mlamu Elina, anamukoka malaya, akuti iwe mwana tiuze, ba tate bako badwala chani. Misozi anayankha kuti sakudziwa. Anati angakhale malungo, chingakhale chiwindi, angakhale matenda a m'madzi, ndipo kubaya jekeseni mongoganizira chiwindi chili chotupa kukhoza kumumaliza munthu.

Elina anawomba m'manja, wadi yonse inatembenuka. Akuti sukulu yonseyi, mayunifomu oyera onsewa, kukaphunzira kunena kuti sindidziwa? Akuti mawu amenewo naye amawatha, chonsecho ku koleji sanapondeko.

Ba Clementina sanamulanditse mwanayo. Anangoima, manja kumbuyo. Atatuluka panja anamuuza kuti alire amalize, chifukwa mawa adzanenanso zomwezo ngati zinthu sizinaoneke.

Tsono masiku ano pamsika patseguka tizipatala ta anthu eni, tochuluka ngati tuntemba togulitsa tomato. Kumeneko kuli bambo wina amene sanayambe wasowapo yankho. Elina anangomufotokozera pakamwa, Abel osamuona n'komwe, iye n'kunena kuti ndi taifodi, majekeseni alipo kale. Elina anabwerako nkhope itawala, pakuti matenda apeza dzina. Abale a Elina akubwera Loweruka ndi njinga kudzamutulutsa Abel, ndipo achipatala akuti sangawaletse.

Achimwene, sindingakunamizeni kuti kudikira kumuchiritsa. Chikasu chija chatsikira mpaka m'zikhatho. Pabedi loyandikana naye panagona msodzi mnzake, maso omwewo. Dzulo ndinapeza matiresi atapindidwa, ndipo namwino nditamufunsa anayamba kundiuza za kuchedwa kwa mvula.

Abel anafunsa Misozi ngati akufa. Mwanayo anati sakudziwa, koma abweranso masana kudzamuona. Abel anaseka mpaka kutsokomola, akuti chaka chonse chino aka n'koyamba munthu wovala bwino kumuuza zoona.

Ine ndaona mbali zonse ziwiri. Uku akuti sitikudziwa, koma akumugwira pamimba m'mawa ndi masana, akumupatsa madzi, akuyang'ana mkodzo. Uko akudziwa zonse za munthu amene sanamuone.

Pempho langa ndi ili. Elina ine sandimvera, akuti ndikuikira kumbuyo mwana wa kwathu. Inu ndinu wamkulu, mawu anu amawaopa. Kalatayi ndapatsira kondakitala wa basi kuti ikufikeni mawa. Musayankhe ndi kalata. Kwerani basi, Loweruka likupezeni mwaima pakhomo la wadi. Mukachedwa mudzapeza bedi lina litapindidwa matiresi, ndipo sitidzadziwa ngati anali matenda kapena jekeseni.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Mulungu akuyendetseni bwino pamsewu, ndipo mumutchule Abel m'mapemphero.

Ndine mlongo wanu,
Martina

Magazi a Abel anawatenga tsiku lomwe tinamugoneka. Akadali m'kabotolo pashelefu. Makina oyezera anapita ku Lusaka kukakonzedwa chaka chatha.