Dambo Lomwe Sitinaulule

Wokondedwa mlongo wanga Eilif,

Ndikhulupirira uli bwino ku Canada konko. Kuno ku Norway chisanu chatha, ndipo Mayi akudyako pang'ono.

Mwina wamva za lamulo latsopano lija. Khonsolo yathu ilibenso mawu pa zomangamanga, zonse akugamula ndi a kulikulu. Avomereza kuti pamangidwe fakitale padambo la kuseri kwa phiri, paja timathyola zipatso za molte.

Chikundiwawa n'chakuti anatumiza pepala lofunsa ngati alipo amene amagwiritsa ntchito dambolo. Paja kuno munthu saulula pomwe amathyola molte, ngakhale kwa abusa. Tonse tinangoti chete, iwo n'kulemba kuti malowo ndi ogonera, opanda wowagwiritsa ntchito. Akanakhala akhonsolo akanaseka, poti wapampando wawo, Torvald, timakumana naye komweko chaka chilichonse, aliyense akunamizira kusochera.

Dzulo Mayi anati, "Gunvor, kandowa kanga kali kuti? Eilif akabwera tipita kudambo." Sindinawauze. Adokotala nawonso anandiitanira pambali, koma zimenezo si zolemba m'kalata.

Ubwere Ogasiti yemweyu, nthawi yothyola molte. Usadikire chaka chamawa.

Ndine mlongo wako,
Gunvor