Khadi Lachikasu Lilibe Ndalama

Lamlungu, pa 2 mwezi wa Mangsir

Kope la Junu, mwana wathu. Masamba otsala kumbuyo. A Bimala, anamwino a pachipatala chathu chaching'ono, akuti ndizilemba zimene zimandichitikira kuti pokaonana ndi komiti ya olumala ndisakaiwale. Ine sukulu ndinalekeza kalasi yachinayi. Dzanja ili linazolowera matikiti ndi kumenya chitseko cha basi.

Chaka ndi miyezi inayi chigwereni basi yathu m'phompho. Anafa anthu khumi ndi asanu ndi anayi, pamodzi ndi a Gokarna, dalaivala wanga. Tinkapatsana njira ndi lole pamalo opanikiza. Ine kondakitala ndinali pakhomo, ndinamenya chitseko kuti kumbuyo malo alipo, bwererani. Malo panalibe. Ndinagwera pa tchire, bala ngakhale limodzi ayi. Anthu amati mwayi.

Kuchokera tsikulo galimoto sindinakwerenso. Hutala ikalira kumsewu kumunsiko chifuwa chimatsekeka, thukuta, maso mdima. Ndinayesa ganyu yoswa miyala. Masiku atatu. Tsiku lachinayi kunabwera lole, anakandipeza m'khola la njati zoweta la eni ake nditabisala. Malipiro sindinakatenge.

Makhadi a olumala akuti ndi anayi. Lofiira ndi la buluu ali ndi ndalama mwezi ndi mwezi. Lachikasu ndi loyera ayi. La buluu ndi rupiya zikwi ziwiri ndi pang'ono. Mapiritsi anga okha amadya theka lake. Panopa akugula ndi Kaushila, mkazi wanga, ndi ndalama za mkaka wa njati yathu imodzi.

Lachitatu, 5 Mangsir

Ku ofesi ya wodi. Zithunzi, chiphaso cha unzika, kalata ya dokotala. Mlembi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mukudwala pati, achimwene? Poti manja ndi miyendo ndikuiona." Pabenchi anaseka. Wadinda. Akuti komiti ikhala ku khonsolo Lachiwiri.

Chingwe chonyamulira udzu chasowa. Chachitatu chaka chino. Khukuri wa malemu bambo anga, mpeni wawo waukulu uja, anasowa nthawi ya mvula, chikwakwa chakale nachonso. Kaushila akuti mwina ndinaiwala kumunda. Mwina. Kapena ndi a Netra a nyumba yakumtundayi, amabwereka osanena. Kapena mutu wangawu ukuthadi. Ndafufuza m'khola kanayi.

Lolemba, 10 Mangsir

Mawa. Pa jipi ndi ulendo wosakwana ola. Ine ndidzera njira yakale ya pamwamba pa phiri, kopanda msewu. Maola asanu.

Kaushila sapita nawo. Mawa akukolola mawere kwa a Netra, iwo anabwera kwathu sabata yatha, sangajombe. Wachapa zovala zanga zaukwati, wabwereka jekete, wandimeta ndevu yekha. Akuti, "Bambo a Junu, kwa akuluakulu sapita ngati wopemphetsa."

Nanga ndikachedwa? Nanga akandifunsa za chitseko chija? Nanga dzina langa pakalata litalembedwa mosiyana ndi pachiphaso? Ndayang'ana, ndi lofanana. Ndayang'ananso. Mpunga sunalowe.

Lachitatu, 12 Mangsir

Lachikasu.

Ndinanyamuka Kaushila atandipaka kadontho kofiira pamphumi ndi kundimwetsa chambiko cha mwayi. Chisoti chatsopano kumutu. Ndinafika pa nthawi, ndinapukuta nsapato ndi udzu ndisanalowe.

Anthu atatu patebulo, mmodzi dokotala wonenepa wa magalasi. Anati muli bwanji a Dambar. Ndinati ndili bwino bwana, kaya inu. Nanga munthu wamkulu akakupatsa moni umati chiyani? Mumadya nokha? Inde bwana. Kusamba nokha? Inde bwana. Lero ndi tsiku lanji? Ndinawauza, ndi mwezi womwe. Mwabwera ndi ndani? Ndekha. Pa chiyani? Wapansi.

"Maola asanu? Ine masitepe awa okha ndapumira kawiri!" Anaseka onse atatu. Inenso ndinaseka nawo. Wamkulu akaseka umaseka.

Chifukwa chake ndinayenda wapansi sanafunse. Kope ili linali m'thumba la jekete, koma dzanja linakana kulitulutsa. Zonse zinatha tiyi wawo asanazizire.

Mtsikana wopereka makhadi anali waulemu. Anati ndisadandaule, lachikasu lili ndi ubwino wake. Ndikakwera basi ndizilipira theka.

Maola asanu kubwerera. Matuza awiri. Jekete ndabweza.

Lamlungu, 16 Mangsir

Sindinadzuke dzulo, sindinadzuke dzana. Kaushila akukama, akumweta udzu, akupita ndi mkaka kumsewu, akubwera kudzandisuzumira. Kasanu lero. Za khadi sananene kanthu. Bola akanakalipa.

Botolo la mankhwala a mbewu lomwe linali pamtanda nalonso kulibe. Nyumba ino ili ndi mbala.

Lachinayi, 20 Mangsir

A Bimala anakwera phiri kudzandiona. Anakwiya, ndi komiti, ndi ine ndemwe. Alemba kalata yodandaula. Komiti indionanso pa 9 mwezi wamawa wa Pus. Akuti ndikanene zoona basi. Ngati kuti ndinanama. Bodza langa ndi liti? Ndimadyadi ndekha.

Madzulo a Netra pakhonde, fodya kukamwa. "Iwe Dambar, unapita utatchena ngati mkwati, unkafuna akupatse mkazi wachiwiri?" Akuti mlamu wawo wa tsidya la mtsinje anapeza la buluu. Anapita wosasamba mwezi wathunthu, opanda nsapato, achibale atamumanga chingwe m'chiuno. Atamufunsa dzina anayamba kuimba. Akuti boma limafuna misala yooneka ndi maso, iyi yam'katiyi ilibe chidindo.

Ndinawayang'anitsitsa akunena za chingwe. Nkhope sinasinthe. Kaya.

Lolemba, 1 Pus

Masiku khumi ndi limodzi osasamba. Kuzizira kwandithandiza. Ndevu zabwerera. Mapiritsi ndinasiya Lachisanu kuti manja azinjenjemera bwino. Akunjenjemeradi. Tulo palibe, a Gokarna ali m'khutu kufunsa ngati kumbuyo kuli malo.

Masana ndinalowa m'khola kukayeserera. Kupotoza khosi, kutulutsa dovu, kuimba. Njati ikungotafuna. Munthu wa zaka makumi anayi ndi ziwiri, amene ndinkasunga m'mutu mitengo ya masiteji makumi atatu. Nditatembenuka, Kaushila pakhomo ndi ndowa.

Sanaseke. Anapita kukawiritsa madzi. Anabweretsa mapiritsi m'dzanja, anali atawerenga kale, anaima pomwepo mpaka nditameza. Ndinamuuza za mlamu wa a Netra, ndinati tipeze chingwe adzandimange. Nkhope yake inasintha moti ndinachita mantha.

"Misala yobwereka ya chiyani, bambo a Junu? Kasambeni. Ulendo uno tipita tonse."

Ndasamba. Ndiye kuti lachikasu kachiwiri. Mkaka wa tsiku limenelo utayikanso pachabe.

Lachitatu, 10 Pus

Ndilembe zonse lero, mawa sindidzafuna.

Kaushila ananyamula dengu kumsana, m'kati thumba lomanga pakamwa. Ndinayesa mawere okagulitsa. Maola asanu kumbuyo kwanga, osadandaula.

Anthu atatu omwe aja. Dokotala anandizindikira, anati ndi uja wa miyendo yachitsulo. Muli bwanji a Dambar? Pakamwa panga panali patayamba kale kunena kuti ndili bwino. Kaushila anatula dengu, anamasula thumba, anakhuthulira patebulo pamwamba pa mapepala awo.

Zingwe zitatu. Khukuri wa bambo. Chikwakwa. Botolo lija. Lumo langa. Nsalu yake yaitali yomanga m'chiuno, imene anandiuza kuti inadyedwa ndi makoswe.

Mkazi wanga yemweyu, amene amaphimba pakamwa ngakhale akamalankhula ndi mlembi wa wodi chabe. Anayang'ana dokotala m'maso.

"Bwana, amadya okha, amasamba okha. Funsani kuti ine ndinagona liti. Nthawi ya mvula ndinawapeza m'khola, chingwe chili kale pamtanda. Kuyambira tsikulo ndimakama njati diso lili kunyumba. Mukapereka lachikasu, tengani ndi izi muzisunga ndinu, ine ndatopa."

Ndinkayesa sanaone. Tsiku limenelo anangoima panja pa khola n'kunena kuti tiyi wapsa, bwerani asanazizire. Ndinatsika, ndinakamwa tiyi. Miyezi isanu ndi umodzi akudziwa, ine n'kumaganizira a Netra.

Chitseko chinali chotsegula. Pabenchi panja anthu a kwathu anayi, mmodzi mlongo wake wa mlembi uja.

Palibe anaseka. Dokotala anavula magalasi. Anafunsa chifukwa chimene ndimayendera wapansi. Pomwepo kumsika kunja basi inaliza hutala. Zotsatira sindikuzidziwa bwino. Akuti ananditulutsa pansi pa tebulo lawo.

La buluu. Anasaina onse atatu msangamsanga, osandiyang'ana. Dokotala analembanso kalata yoti ndikaonane ndi wa matenda a maganizo ku tauni, a Bimala akonze. Kaushila anatola zinthu zake chimodzichimodzi, anamanga thumba, anabereka.

Pobwerera ndinali kumbuyo ndine. Maola asanu kuyang'ana dengu.

Loweruka, 20 Pus

Khadi lili m'bokosi pamodzi ndi chiphaso. Pachithunzi ndavala chisoti, ndikuoneka wabwinobwino. Ndalama akuti ziyamba akalowetsa dzina ku banki, mwina miyezi itatu, mwina inayi.

Mudzi wonse wamva. Kumpopi amayi amatsitsa mawu ndikamadutsa. Dzulo a Netra anabwera ndi malalanje, anakhala, nthabwala ngakhale imodzi ayi. Atandiona ndikuyang'ana chikwakwa chawo anachisunthira kuseri kwa mwendo. Ndinafuna kuwapepesa za zingwe zija. Ndikanayamba bwanji? Junu akuti kusukulu amufunsa ngati n'zoona. Sindinamufunse kuti anayankha chiyani.

Zikwi ziwiri ndi pang'ono. Mtengo wake ndi umenewu.

Thumba sindikudziwa kumene walibisa. Sindinafufuze. Izi ndiwauze a Bimala, akuti zoterezi ndizinena.

M'mawa uno ndinauza Kaushila kuti udzu watha, njati yachepetsa mkaka, msana wake sungathe zonse. Ndinati ndipatse chingwe chimodzi ndikamwete kumtunda, kopanda msewu. Anati ndiyang'ane kukhoma. Ndinayang'ana kukhoma ngati mwana, ndikumva mapazi ake akuzungulira nyumba.

Tsopano ali pakhomo. Chikwakwa m'dzanja limodzi, chingwe wadzikulunga m'chiuno mwake. Akuti kumweta ndimweta ine, kumanga amanga yekha. Akuitana kachiwiri, akuti dzuwa likukwera, siyani kopeyo bambo a